Bwinja, Nyumba Ili Chiimire

Kumapiri kuno mawu otchulira chiwonongeko ndi ambiri kuposa mitundu ya nyemba, ndipo aJoaquina, apongozi ake a Zita, ankawadziwa onse. Sankaumira nawo. Nkhuku ikalowa m'dimba mwawo ankaiuza kuti ithe psiti ndi chitopa. Mbuzi ikadya chimanga, khola la mwini wake ligumuke. Mnyamata akawadutsa pa njinga osapereka moni, akagwe chagada kutsetsereko. Ukwati wa uje upasuke, kachewere wa uje awolere m'nthaka, malonda a uje alowe pansi. Anthu ankangoseka, poti nkhukuzo zinkanenepa, ndipo maukwati otembereredwawo ndi amene ankabereka mapasa. Achipongwe ankati ukafuna mwayi ukawapute aJoaquina m'mamawa.

Zita anakulira ku Fonte Boa, m'banja la kwaya ndi korona, kumene munthu akapsa mtima kwambiri amangoti "Mulungu akuone" n'kukalapa Loweruka. Atakwatiwa kumudzi kuno, chaka choyamba ankanjenjemera apongozi akangotsegula pakamwa. Kenaka anazolowera, ndipo anazindikira kuti mawu onse a aJoaquina anali ndi pobwerera. Khoma likagumuka mumaumba zidina zina. Nyumba ikapsa anzanu amabwera ndi mitolo ya udzu. Banja likapasuka ankhoswe amayala mphasa. Liwu lopanda pobwerera linali limodzi lokha, ndipo mayi wapakamwayo, ngakhale akwiye chotani, ankalilambalala. Liwulo ndi bwinja. Bwinja silinena za khoma kapena denga, limanena kuti anthu atha pamalo.

Mwamuna wa Zita, Valdemar, anali mwana wamwamuna yekhayo wa aJoaquina. Ankagula kachewere m'midzi n'kukagulitsa kwa a malole ku Kalomwe, ndipo zinkamuyendera. Bambo ake atamwalira ng'ombe zinatha, zina ndi matenda, zina ndi akuba, khola n'kutsala kukamwa yasa. Valdemar anayang'ana malowo naona kuti ndi athyathyathya, olimba, osadikha madzi. Anakumba ndowe zakale n'kukathira kudimba, pamalopo n'kuyala maziko a nyumba ya njerwa zootcha.

Tsono kwa Angoni khola si malo a ng'ombe zokha. Pachipata pa kholalo ndi pamene bambo ake ankaima poitana makolo mvula ikavuta, ndipo bambowo atamwalira anagonekedwa chapomwepo, kumtunda kwake. Valdemar ankazidziwa zonsezi. Koma munthu akagula njinga yamoto amayamba kuona zinthu mothamanga, ndipo iye anati ndowe ndi ndowe basi.

Chimene chinamuopsa Zita n'chakuti nthawi yonse yomanga aJoaquina sanalankhule kanthu. Njerwa zinakwera, malata anakhomedwa, iwo du. Tsiku lolowa m'nyumba anthu anasonkhana, katekista anawaza madzi odalitsa, thobwa linayenda. AJoaquina anafika mochedwa, ndipo anaima pakati pa bwalo osayang'ana mphasa.

"Valdemar, tabwera."

"Khalani pansi, mayi, akupatseni thobwa."

"Ndaponda pamutu pa bambo ako, ndiye ndikhalenso?" Analankhula motsitsa, ngati akufunsa mtengo wa mchere. Anagwira bere lawo lakumanzere pamwamba pa buluza. "Ngati ili sunayamwe, khala bwino. Ngati unayamwa, pano padzakhala bwinja, nyumba ili chiimire."

Anatembenuka n'kumapita. Anthu anaseka ndithu, koma anaseka mochedwa, ndipo ambiri anakumbukira kuti asiya mbuzi zosamasula.

Mvula yoyamba itagwa, aJoaquina anagwa m'munda akubzala nyemba. Anawanyamula mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, lilime litauma. Kanyumba kawo kankadontha, ndipo mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, choncho Valdemar anawagoneka m'chipinda cha m'nyumba yatsopanoyo. Zita ndiye ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Sankawada. Ankawamvera chisoni, komanso ankaopa diso lawo lakumanzere, limene linatsala lamoyo ndipo linkamutsata paliponse.

Zinayamba ndi zomera. Pamene panali khola zomera sizidabwitsa, ndipo Zita anadziuza zomwezo. Koma izi sizinali za pakhola. Inali nsatsi, nthula ndi bonongwe waminga, zomera zimene zimadziwa kuti mwini wachoka. Ankazula m'mawa, n'kusesa bwalo mpaka kuyera, koma pobwera kudimba ankapeza timitu tatsopano titasuzumira m'mphepete mwa khonde. Njira yochokera kumsewu inayamba kuchepa. Ankayendamo tsiku ndi tsiku, iye, mwana wake Nélia, njinga yamoto, koma udzu unkakumana pakati. Mbuzi za eni zinkabwera kudzagona pakhonde, ndipo akazithamangitsa zinkamuyang'ana n'kupitiriza kubzikula.

Tsiku lina masana, akumwetsa apongozi phala, anamva nthambi zikuthyoka kuseri. Anatuluka napeza Marcelina, mnzake wa kwaya, akuthyola mapichesi mumtengo wa pakhomopo n'kumaponya m'chitenje, kwinaku akung'ung'udza nyimbo. Kwathu kuno pakhomo pa munthu suthyola ngakhale tsamba usanaodire. Malo okhawo amene aliyense amathyola osapempha ndi pabwinja.

"Mwaswera, amake Inosenti?" anatero Zita.

Marcelina anatembenuka, mapichesi n'kumwazika pansi. "Amake Nélia. Kodi muli pano?"

"Nanga ndikhale kuti?"

"Ine ndimayesa munasamuka kalekale. Pepani, anzanga, sindikudziwa chandilowa."

"Dzana lomweli tinali limodzi ku ensayo, pokonzekera nyimbo za kwaya."

"Eetu. Tinalidi limodzi." Marcelina anayang'ana malata akung'anima, makatani pazenera, zovala pachingwe, kenaka anamuyang'ana Zita ngati akuyesa kukumbukira kumene anamuona. Anachoka osatola pichesi ndi limodzi lomwe.

Kuyambira pamenepo Zita anayamba kusamala, ndipo anaona kuti palibenso amene ankaodira pakhomo pake. Opempha moto ankadutsa. Mapemphero a m'limana, amene amayenda nyumba ndi nyumba, anachoka kwa oyandikana nawo akumtunda n'kulumphira kwa akumunsi. Atafunsa, anthu anachita manyazi, napepesa, nalonjeza, ndipo sabata yotsatira analumphanso. Panalibe wodana naye. Akakumana naye kumjigo ankamukondwerera ngati kale. Anali malowo amene sankakhala m'mutu mwa munthu.

Valdemar poyamba ankaseka. Ankati akazi mukasowa chochita mumalima nkhani. Koma madzulo ena anafika atatuwa, nakhala pakhonde osavula chipewa.

"Make Nélia, lero ndadutsa pamphambano yathuyi. Ndazindikira ndili kumlatho."

"Munali mutatopa."

"Dzulonso ndinadutsa. Ndikafika apo maso amangoona tchire." Anatsitsa mawu, poti chipinda cha mayi ake chinali pafupi. "Nyumba ndamanga ndekha, njerwa ndawerenga ndekha. Ndiiwale bwanji?"

Anayamba kugona ku Kalomwe, ati malole akufika m'mamawa. Ankabwera Loweruka, kenaka Loweruka lina ndi lina, kenaka anasiya. Zita anamva kwa woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, kuti amuna ake awaona ku Tete akukweza matumba. Anawaimbira foni. Valdemar anayankha mwaulemu ndi mokoma mtima, anafunsa za mvula, koma sanafunse za mayi ake, za mwana, kapena za nyumba. Zita analira tsiku limenelo, osati chifukwa chosiyidwa, koma chifukwa anamva kuti mwamunayo sakubisa kanthu.

Anatsala atatu: iye, gogo wosalankhula, ndi Nélia, mwana wake mmodzi yekhayo. Nélia anali kamtsikana kaphokoso, kotengera agogo ake pakamwa, ndipo ndiye yekha amene ankalowa m'chipindamo osaopa, n'kumawafotokozera agogowo, amene ankawatchula kuti vovo, nkhani za kusukulu. Tsiku lina anabwera mwakachetechete, naika chikwama pansi.

"Amayi, mwasonkha moto lero?"

"Suukuona? Nyemba zili pamoto chiyambire m'mawa."

"Ndinaima pachitunda paja. Nyumba zonse zikutuluka utsi. Yathu yokha ayi."

Zita anayang'ana kukhitchini. Utsi unali tolo, mpaka kumuyabwa m'maso. Anamukalipira mwanayo kuti asiye zopeka, ndipo anadziwa akukalipa kuti akukalipira mantha ake omwe.

Nélia anayamba kufota. Sanatenthe thupi, sanatsokomole, sanadandaule mutu. Ankangochepa. Chakudya ankachiyang'ana n'kuchisiya, mawu ake anatsika mpaka umachita kuwerama kuti umve, manja ake ankazizira ngakhale ali padzuwa. Zita anamubereka, msinkhu wonsewo, mpaka ku posito. Kumeneko anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, osapeza kanthu, ndipo ali pabenchi pomwepo mwanayo anapempha mandasi n'kudya awiri. Pobwerera anayenda yekha, akuimba. Atangokhota pamphambano anakhala chete, ndipo pofika pakhonde anagona pansi pakati pa mbuzi.

Apa Zita anasiya za manyazi a ukhristu, napita kwa aNikolasi, mlongo wawo wa aJoaquina, amene ndiwo anali malume a Valdemar. Anali mkulu wofatsa, wosoka nsapato, ndipo anamvetsera osamudula. Zita anachita kuwagwira dzanja kuti afike nawo pakhomo, chifukwa pamphambano anafuna kupitirira.

"Mawu a kholo amabwezedwa ndi mwini wake," anatero aNikolasi atakhala pansi. "M'mawa dzuwa likamatuluka timukhazika pakhomo. Amwe madzi, asameze, awalavule panja. Akalavula, mawu atuluka ndi madziwo. Kulankhula n'kosafunika kwenikweni, mtima ukalola."

"Nanga alola, malume?"

"Mufunse wekha, mwana wanga. Makutu ali nawo."

Zita anagwada pambali pa mphasa. "Amayi, Nélia akutha. Mwamuona nokha. Mulavula?"

Diso lamoyo lija linaphethira, ndipo dzanja lakumanzere linafinya chala cha Zita mpaka kuwawa.

M'mawa mwake kunali chifunga chotsika kuphiri, chonyowetsa tsitsi. Anawanyamula aJoaquina n'kuwatsamiritsa pakhomo, nkhope kum'mawa. ANikolasi anatunga madzi m'chikho, nawaika pamlomo pa mlongo wawo. Gogoyo anamwa, natupitsa tsaya limodzi. Mitsempha ya pakhosi inaima. Zita anaona ndi maso ake kuti mayiyo akuyesetsa ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi lake. Koma milomo yopotoka sinagwirane. Madzi ena anatsikira pachibwano, ena onse anabwerera kukhosi, ndipo kunamveka kuti gudyu.

Anayesanso. Ulendo uno anatsamwa, natsokomola mpaka maso kufiira.

"Awo atsikira pachibwanowo, malume," anatero Zita. "Si atuluka amenewo?"

"Dovu si kulavula, mwana wanga." ANikolasi anakhuthula otsalawo pansi pang'onopang'ono. "Tikakakamiza timupha ndi madzi. Mlongo wanga, pakamwa pako paja panali pa mudzi wonse, lero pakukanika kadontho."

Sananene monyoza. AJoaquina ankalira ndi diso limodzi, linalo lili gwa kuyang'ana chifunga.

Atawabwezera pamphasa, aNikolasi anamuitanira Zita kuseri kwa nyumba. "Tamvera. Bwinja limabwera pawiri, posamuka kapena pamaliro. Mawuwa akufuna bwinja ndipo salephera. Apatse posamuka, asanadzitengere okha mwa njira inayo. Mutuluke nonse, muzime moto, musatseke chitseko."

Zita sanalimbe mtima tsiku lomwelo. Nyumbayo anaisenzera madzi pamutu, anaithira dothi, anasoka yekha makatani ake. Koma madzulo Nélia anakana ngakhale madzi, ndipo Zita atamuitana dzina, mwanayo anatenga nthawi kuti adziwe kuti akuitanidwa ndi iye. Pamenepo nyumba inasanduka njerwa chabe. Anatumiza mawu kwa mchimwene wake Francisco ku Fonte Boa, ndipo anakamudikira pamsewu kuti ngolo isapitirire.

Chimanga chinali chitayamba kumasula ngaiyaye tsiku limene ankasamuka. Anakweza mphasa, mapoto, nkhuku zomanga miyendo, matumba a mbewu. Nélia anamugoneka pamwamba pa zofunda. Zita anathira madzi pamoto. Potsiriza Francisco ndi aNikolasi analowa kukanyamula gogo, wina kumapewa wina kumiyendo. Anayenda bwino mpaka pakhomo. Pamenepo dzanja lakumanzere lija linatambasuka n'kugwira mphuthu ya chitseko.

"Tayani, mayi," anatero Francisco. "Tikupita kwabwino."

Sanataye. Francisco ndi munthu wosenza thumba la chimanga ndi dzanja limodzi, koma anakanika kumasula zala zinayi za nkhalamba yodwala. Akamasula chimodzi, china chagwira kale. Zikhadabo zinalowa m'thabwa. ANikolasi anawanyengerera, anawatchula dzina la paubwana, anawakalipira, osathandiza.

Zita anagwada kuti aonane nawo maso. "Amayi, mukatsala muno si bwinja. Mawu aja sakhuta. Mukufuna atenge Nélia?"

Diso lija linayang'ana kungolo, kumene kunali mwana, n'kukhala kumeneko nthawi yaitali. Kenaka linabwerera kwa Zita, ndipo mutu unagwedezeka pang'ono, kuloza kunjira. Pitani. Dzanja linafinyanso thabwa.

Zita anadzuka pamene anagwadapo. Anaganiza kuti wamva chimene gogoyo akunena: kuti mawu oterowo sakhuta ndi mapoto ndi mphasa, kuti amene anawatulutsa ndiye awadikire. Mwinanso sizinali zimenezo. Mwina inali nkhalamba youma mutu chabe, yosafuna kuchoka pamene anagona mwamuna wake. Panalibe womufunsa, ndipo kungolo Nélia anali atasiya kutsegula maso.

"Musiyeni agone lero," anatero aNikolasi. "Akaona kuti kuli zii, mawa alola. Ine ndibwera ndi anyamata."

Anawagoneka pomwepo pafupi ndi khomo, nawafunditsa mabulangete awiri. Zita anaika chikho cha madzi ndi mbale ya phala pamene dzanja lamoyo likanafika. "Ndibwera mawa m'mawa, amayi," anatero. "Ndibwera ndi phala lotentha. Tsiku lililonse ndizibwera mpaka mulole." Ananena zochokera pansi pa mtima, ndipo analira njira yonse mpaka kumsewu.

Asanafike n'komwe ku Fonte Boa, Nélia anadzuka nakhala tsonga, nafunsa ngati muli chakudya m'dengu. Madzulo anadya mbale yake ndi ya msuweni wake. M'mawa mwake anali panja akukangana ndi ana a Francisco za mpira, mawu ake akumveka mpaka kutchalitchi. Zita anaima pakhomo akumvetsera phokosolo, ndipo chimwemwe chimene anamva sanachimvepo chibadwire.

Ntchito inachuluka. Panafunika kumupezera mwana malo kusukulu, kukaonana ndi apulofesora, kumata kanyumba kakale ka mayi awo kuti agonemo. Mlamu wake anamupatsa ndime ya nyemba yoti apalire. A kwaya ya kumeneko anamulandira ndi manja awiri, poti mawu ake anali osowa. Anayamba kugona tulo tabwino, anayamba kunenepa, ndipo anthu ankati mphepo ya kwawo yamuyanja. Nthawi zina, akutsuka mbale kapena akumanga mpango, ankamva ngati pali chimene wasiya pamoto. Ankapita kukhitchini, n'kupeza zonse zili bwino.

Chimanga chinakhwima. Tsiku lina masana Francisco anabwera ndi chachiwisi choyamba cha m'munda mwake, ndipo anachiotcha pabwalo, ana atazungulira mbaula. Nélia, masaya atabwerera, anasankha chofewa kwambiri, chanthete, nayamba kuchikokola ndi chala n'kumaika njere m'kambale.

"Ukuchitiranji zimenezo?" anafunsa Zita akuseka. "Mano uli nawo."

"N'za vovo. Iwo satha kuluma." Mwanayo anakweza mutu. "Amayi, kodi vovo akudya chiyani masiku ano?"

Zita anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anayang'ana Francisco, ndipo Francisco anakwinya nkhope ngati munthu amene wamva dzina la kumudzi wina. Zita anayang'ana chimanga chimene chinali m'dzanja lake, chokhwima bwino, njere zake zodzaza mpaka kunsonga, nayamba kuwerengera m'mbuyo kuti chinamasula liti.

Nélia anali akudikirabe yankho, kambale kali m'manja.